MAGALASI OBWEZERA OKALAMBA KU MASIKU AO AKALE

Awa ndi mawu amene adalankhula mnzathu wina pa msonkhano wathu wa pachaka. Iye adatsiriza Fomu 4 m'chaka cha 1991 ndipo tsopano ndi namwino ku England. Ambiri amene adalipo adapempha kuti tiwasindikize onse, ndipo tachita motero. — Mkonzi



Kalata yondipempha kuti ndidzalankhule pano itandipeza, ndidaiwerenga kawiri poganiza kuti yasokera. Amene tidali kalasi limodzi akudziwa kuti ine ndinkakhala mpando wakumbuyo, ndipo aphunzitsi akaponya funso ndinkayang'ana pansi ngati ndataya singano. Koma akulu akatuma, mwana sakana. Ndiyesetsa kuti ndisakuchedwetseni ku chakudya.

Chifikireni m'mawa uno ndakhala ndikumvetsera zimene tikukambirana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandiuza zimene adachita sabata yatha. Tonse tili pa nkhani za belu la m'mamawa, za nyemba zofumbwa, za usiku uja ena adagwidwa akuwotcha chimanga kuseri kwa hositelo. Ena mwa ife taiwala kale pamene taika makiyi a galimoto, koma bedi limene tinkagonapo tili Fomu 1 tikhoza kulilozera titatsinzina. Zimenezi si zangozi ayi. Ndi mmene ubongo wa munthu umagwirira ntchito, ndipo nkhani yanga yagona pomwepo. Ndikufuna kukuuzani za matenda oiwala amene madotolo amawatcha dementia, za njira yothandizira odwala powakumbutsa za kale lao, ndiponso za magalasi a makono otchedwa virtual reality amene timagwiritsa ntchito kuntchito kwathu. Koma mundilole ndiyambe ndi bambo anga.

BAMBO ANGA

Bambo anga adapita ku Joni m'chaka cha 1967 ali mnyamata wa zaka 22. Adalembedwa ndi Wenela monga anzao ambiri a nthawi imeneyo, nakwera ndege mpaka ku Francistown, kenaka sitima ya pamtunda mpaka ku migodi ya golide. Adapita ndi kubwera kangapo, ndipo njinga, wailesi ndi malata a nyumba imene ndidakuliramo zidachokera kumeneko. Boma litaimitsa maulendo a Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, iwo sadapitenso. Adasanduka mlimi, ndipo fizi yanga ya pa sukulu ino idachokera m'mtedza ndi fodya wao. Za ku mgodi sankakamba kawirikawiri, ndipo nafenso ana sitinkafunsa.

Cha m'ma 2010 tidayamba kuona zachilendo. Funso limodzi ankafunsa kasanu. Ndalama ankabisa m'thumba la chimanga, mawa lake nkumati adzukulu awabera. Kenaka adayamba kudzuka pakati pa usiku, kuvala jekete ndi nsapato, nkutuluka panja akunena kuti achedwa ku shifiti. Tsiku lina adapezeka m'bandakucha ataima pakhomo pa eni ake m'mudzi woyandikana nafe, akulankhula chilankhulo chimene eni nyumbawo sadachimve. Chidali Chifanakalo cha ku mgodi. Mukudziwa nokha zimene anthu amanena akapeza nkhalamba pakhomo pao usiku. Mawu akuti mfiti adamveka. Mwayi wake a mfumu a kumeneko ankawadziwa bwino, ndipo adawaperekeza okha kudzawasiya kwathu.

Ine nthawi imeneyo ndidali namwino wa ku wodi ya anthu ochitidwa opareshoni, ndipo za okalamba ndinkadziwa za m'mabuku zokha. Nditabwera pa tchuthi ndidachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Nthawi zonse akatchula za shifiti ndinkawadula mawu: "Bambo, kuno si ku Joni, kuno ndi kwanu. Mgodi mudausiya kalekale." Ndinkayesa kuti ndikuwathandiza. Iwo ankandiyang'ana mwamanyazi ngati mwana wolakwa, nkukhala duu tsiku lonse. Sindidawafunsepo ngakhale kamodzi kuti shifitiyo inkayamba nthawi yanji, kapitawo wao adali wotani, kapena pansi pa nthaka pankamveka bwanji. Adatisiya m'chaka cha 2015. Chaka chotsatira ndidasintha ntchito nkukayamba ku nyumba yosamalirako okalamba kumpoto kwa England, kumene ndili mpaka pano.

MATENDAWA NDI OTANI?

Amayi ndi abambo, dementia si ufiti, si misala, ndiponso si ukalamba wamba. Pali agogo ambiri a zaka 90 amene mutu wao ndi wakuthwa kuposa wanga. Dementia ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene kumadza pang'onopang'ono, mpaka munthu amalephera kukumbukira, kuganiza bwino, ndi kudzisamalira. Mtundu wake wofala kwambiri udatchedwa dzina la dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer. M'chaka cha 1901 iye adalandira mayi wa zaka 51, Auguste Deter, m'chipatala cha ku Frankfurt. Mayiyo atamwalira m'chaka cha 1906, dotoloyo adapima ubongo wake napezamo timibulu ndi timaulusi topiringizika timene siti pezeka motero m'ubongo wa munthu wabwinobwino. Mwa odwala 100 alionse, pakati pa 60 ndi 70 amadwala mtundu umenewu. Mtundu wina umadza mitsempha ya magazi ya m'ubongo ikawonongeka, monga zimachitikira ndi sitiroko kapena kuthamanga kwa magazi kosasamalidwa. Enafe amene tikuzemba mankhwala a BP tamva.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2021 anthu 57 miliyoni adali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse adali m'maiko osauka ndi apakatikati. Choncho si matenda a azungu monga ena amanenera. Mankhwala ochiziratu palibe. Amene alipo amangochepetsa zizindikiro kapena kuchedwetsa matendawa pang'ono.

Tsono chifukwa chiyani bambo anga ankaiwala nsima imene adya masana koma nkumakumbukira shifiti ya 1967? M'kati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene ntchito yake ili ngati ya kalaliki wolemba zatsopano m'kaundula. Matenda a Alzheimer amayamba kuwononga cha kumeneko. Kalaliki akadwala, za lero sizilembedwa, koma zimene zidalembedwa kale zimakhalapobe nthawi yaitali. Katswiri wa ku France, Théodule Ribot, adafotokoza zimenezi m'chaka cha 1881: kuiwala kumayambira pa zatsopano nkumatsikira ku zakale. Zili ngati nkhokwe. Chimanga chimene chidalowa pomaliza ndicho chimayamba kutha, ndipo cha pansi chimatsalira. Akatswiri adapezanso kuti zimene munthu wamkulu amakumbukira kwambiri ndi zimene zidamuchitikira ali pakati pa zaka 10 ndi 30. Kwa bambo anga zaka zimenezo zidali za ku mgodi. Kwa inu ndi ine ndi za pa sukulu ino, za referendamu ya 1993, za ntchito yoyamba ndi chibwenzi choyamba.

KUKUMBUTSA NGATI CHITHANDIZO

Kale madotolo ambiri ankaona nkhalamba yokonda kukamba zakale ngati munthu amene mutu wayamba kutha, ndipo anamwino ankalangizidwa kuibwezera ku za lero, monga mmene ine ndinkachitira. M'chaka cha 1963 dotolo wa ku America, Robert Butler, adalemba kuti kuyang'ana m'mbuyo ndi ntchito yachibadwa ndiponso yofunika ya munthu wokalamba, pakuti ndi mmene amasonkhanitsira moyo wake kuti aone tanthauzo lake. Maganizo amenewa adasintha zinthu. M'nyumba za okalamba adayamba kukhala pansi ndi odwala, atatenga zithunzi zakale, nyimbo, zovala, ziwiya za kukhitchini ndi zida za ntchito, nkumawalola kuti afotokoze.

Ndisakunamizeni kuti njirayi ndi yozizwitsa. M'chaka cha 2018 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zachipatala, lidaunika ntchito za kafukufuku 22 zokhudza odwala pafupifupi 2,000. Lidapeza kuti phindu lilipo pa kulankhulana, pa kuganiza ndi pa chisangalalo cha wodwala, koma ndi laling'ono, ndiponso limasiyana malinga ndi malo ndi kachitidwe kake. Matendawo sabwerera m'mbuyo. Komabe kwa munthu amene wakhala miyezi osalankhula, ndiponso kwa mwana wake amene amabwera Lamulungu lililonse nkubwerera akulira, chaching'onocho ndi chachikulu.

MAGALASI AMENEWA

Tsopano ndifike pa magalasi aja. Ndi kabokosi kovala kumaso, komangirira ndi lamba kumutu. M'kati mwake muli kanema ndi magalasi awiri, ndipo diso lililonse limaona chithunzi chosiyana pang'ono ndi cha linzake, kotero kuti zinthu zimaoneka zakuya ngati zenizeni. Mulinso tizipangizo timene timatsata mutu wanu. Mukacheuka kumanzere mumaona za kumanzere, mukayang'ana kumwamba mumaona mitambo. Zithunzi zake amajambula ndi kamera yoona mbali zonse nthawi imodzi. Kusiyana kwake ndi wailesi ya kanema nkwakuti kanema mumaonera muli kunja, pamene m'magalasi mumamva ngati mwalowa m'katimo.

Nzeruyi si yatsopano kwenikweni. M'chaka cha 1968 katswiri wa makompyuta wa ku America, Ivan Sutherland, adapanga chipangizo chotere, koma chidali cholumikizidwa ku zitsulo zolendewera kudenga. Zinthu zidasintha mitengo itatsika. M'chaka cha 2014 kampani ya Google idatulutsa kabokosi ka katoni kongolowetsamo foni, ndipo m'chaka cha 2016 magalasi a Oculus Rift adayamba kugulitsidwa kwa anthu wamba. Ambiri adagulira masewera, koma osamalira okalamba adaona mwayi wina.

Ku Britain gulu la anthu opanga mafilimu, amene ena mwa iwo adali ndi makolo odwala matendawa, lidapanga filimu yotchedwa The Wayback m'chaka cha 2017. Adakonza msewu wonse kuti uoneke monga udalili pa 2 June 1953, tsiku limene Mfumukazi Elizabeth II idavekedwa ufumu: matebulo a phwando pakati pa msewu, mbendera, zovala ndi zakudya za nthawi imeneyo. Pambuyo pake adapanganso ina ya tsiku limene England idatenga chikho cha mpira cha dziko lonse m'chaka cha 1966. Ku America kampani ya Rendever, imene idayamba m'chaka cha 2016, imathandiza okalamba kuona limodzi malo osiyanasiyana, ngakhale msewu umene munthu adakulirako. Ku Sweden adapanga njinga yosayenda yotchedwa BikeAround: nkhalamba imapalasa ili m'nyumba, ndipo kutsogolo kwake kumaoneka misewu ya kwao kuchokera pa zithunzi za Google Street View.

M'chaka cha 2019 akatswiri a ku University of Kent adafalitsa zimene adapeza atayesa magalasiwa pa chipatala cha St Andrew's ku Northampton. Odwala adali 8, a zaka zapakati pa 41 ndi 88, ndipo ankasankha malo amodzi mwa asanu: tchalitchi chachikulu, nkhalango, gombe la mchenga, gombe la miyala, kapena minda ya kumudzi. Odwalawo adakumbukira zinthu zakale, adaoneka osangalala, ndipo owasamalira adawadziwa bwino kuposa kale. Mmodzi adajambula chithunzi cha kunyanja pambuyo pake pa nthawi ya zojambulajambula. Koma inu amene mudakhoza masamu mwaona kale kuti anthu 8 ndi ochepa zedi. Kafukufuku wambiri wa magalasiwa ndi wa magulu ang'onoang'ono otere. Wogulitsa aliyense amene angakuuzeni kuti magalasi amachiza dementia, gwirani chikwama chanu.

ZIMENE NDIDAONA NDI MASO ANGA

Kuntchito kwathu magalasi adafika m'chaka cha 2019. Wodwala timamukhazika pa mpando wokhala ndi zogwirira, timamufotokozera ndi kumupempha chilolezo, ndipo sitipitirira mphindi 10 kapena 15 chifukwa ena amamva chizungulire ndi nseru. Ine ndimakhala pambali ndi kakompyuta ka m'manja koonetsa zimene iye akuona. Amene matenda ao amawaonetsa kale zinthu zimene palibe, sitiwaveka popanda mawu a dotolo. Ndikuuzani za anthu atatu.

Oyamba adali abambo a zaka zoposa 80 amene adagwira ntchito m'migodi ya malasha ku Yorkshire moyo wao wonse. Migodi yakuya ya malasha idatha ku Britain, womaliza wa Kellingley udatsekedwa mu December 2015, chaka chomwe bambo anga adamwalira. Abambowa adali atasiya kulankhula, ndipo nthawi yosamba inkakhala nkhondo. Mwana wao adatiuza kuti kale mabanja a anthu a mu mgodi ankapita pa basi ku nyanja ku Scarborough kamodzi pa chaka. Tidawaveka magalasi oonetsa gombe. Poyamba adangoti zii. Kenaka adatambasula dzanja ngati akufuna kugwira kanthu, nkufunsa kuti abulu ali kuti. Kumeneko ana amakwera abulu pa mchenga. Kuchokera pa abulu adafika pa diresi la buluu limene akazi ao adavala, pa mwana amene adasochera pa gombe, pa mnzao amene adaledzera mpaka basi kumusiya.

Nditawavula magalasi ndidawauza kuti nanenso bambo anga adali a mu mgodi, wa golide, ku South Africa. Adandiyang'anitsitsa nkundifunsa kuti mgodiwo udali wakuya bwanji. Anzanga, ndidasowa choyankha. Sindinkadziwa. Tsono iwo ndi amene adayamba kundiphunzitsa: za chikepe chimene chimatsika mofulumira mpaka m'mimba kuti myuu, za mdima umene ulibe ufanani wake pamtunda nyale ikazima, za kachitsulo kolembedwa nambala kamene aliyense ankapereka potsika kuti akuluakulu adziwe amene sadatuluke. Nambala yao adaitchula osadodoma, munthu amene dzina la mwana wake lidali litawathawa. Zimene ndidalephera kufunsa bambo anga ndidauzidwa ndi nkhalamba ya chizungu, ndipo ndidakalirira m'chipinda chosungiramo mabulangete. Pambuyo pake ndidawerenga kuti migodi ina ya golide ya ku South Africa imapitirira makilomita 3 kuya kwake. M'mawa mwake abambo aja sadandikumbukire ine kapena magalasiwo. Koma usiku umenewo adadya chakudya chonse, ndipo adasamba popanda mkangano.

Achiwiri adali amayi ofatsa, okonda kuseka. Poona mmene gombe lidathandizira abambo aja, tidaganiza zowaonetsa lomwelo. Mafunde atangooneka adakuwa, nayamba kulimbana ndi lamba wa magalasi, ndipo adanjenjemera mpaka madzulo. Mwana wao atabwera adatiuza kuti mlongo wa amayiwo adamira m'nyanja iwo ali mtsikana, akuona. Kulakwa kudali kwathu, makamaka kwanga, pakuti ndine ndidasankha chithunzicho osafunsa abale. Safunsa adadya phula. M'nkhokwe ya munthu simukhala zokoma zokha. Muli maliro, nkhondo, njala ndi nkhanza, ndipo magalasi amalowetsa munthu m'kati mwakuti sangathe kungoyang'ana kumbali monga angachitire ndi chithunzi cha papepala. Kuyambira tsiku limenelo sitiveka munthu aliyense tisadakhale pansi ndi abale ake kulemba mbiri yake, pamodzi ndi zimene tiyenera kupewa.

Achitatu adali agogo ochokera ku Jamaica amene adafika ku England ali kale ndi ana. Tidawaonetsa phwando la 1953 lija, iwo nkungoti ndi labwino, basi. Silidali kale lao. Mdzukulu wao atapita ku Jamaica adabwereka kamera yoona mbali zonse, najambula msewu wochokera pa nyumba yao yakale mpaka ku tchalitchi. Filimu yake idali yogwedera, mwinamo nkumaoneka chala cha wojambula. Koma agogowo adatchula mwini wa nyumba iliyonse ya m'mbali mwa msewuwo, nayamba kuimba nyimbo ya ku Sande sukulu, ndipo mdzukuluyo adalemba maina a abale amene sadawamvepo chibadwire.

Pa anthu atatu amenewa ndidaphunzirapo chinthu chimodzi chimene ndabwera nacho kwa inu. Mankhwala si magalasiwo. Magalasi amangogogoda pakhomo. Chimene chimathandiza wodwala ndi munthu amene wakhala pambali pake, amene akudziwa mbiri yake, amene ali ndi nthawi yomvetsera khomolo likatseguka. Mutamuveka agogo magalasi okwera mtengo nkuwasiya okha kuti inu mukachape, mwangowatsekera m'chipinda china. Ndipo chithunzi chokongola cha kwa eni sichingapose chithunzi chogwedera cha kwanu.

NANGA KWATHU KUNO?

Wina afunsa kuti, "Amayi inu, kumudzi kwathu magetsi kulibe, za magalasi mukutiuziranji?" Funso labwino. M'makina a kuntchito kwathu ndidafufuzamo ndithu, ndipo mudzi wa kwathu, chigayo chathu ndi dambo limene tinkatapako dongo sindidazipezemo. Palibe mlendo adzabwere kudzatijambulira zimenezi. Koma taonani zimene tili nazo ife zimene anzathu aja amachita kugula ndi ndalama zambiri. Agogo a ku England ali m'chipinda, kutali ndi kwao, ndipo gombe amalionera m'kabokosi. Agogo athu ambiri akadali pa khonde lomwe lija, mtondo uli pomwepo, mtengo wa mango umene adadzala okha ulipo, fungo la utsi ndi la mvula yoyamba ndi lomwe lija. Chimene chikusowa ndi munthu wofunsa. Choncho ndikupemphani zinthu zisanu.

Choyamba, nkhalamba ikayamba kuiwala, kusochera kapena kuyenda usiku, pitani nayo ku chipatala, ndipo fotokozerani a mfumu, a mpingo ndi anansi zinthu zisadafike poipa. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa kawirikawiri kumakhala ndi chifukwa china chochizika, monga malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo. Musaiwale kuti m'chaka cha 2016 ku Neno anthu adapha okalamba anayi powaganizira ufiti, chikhalirecho lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Bambo anga adapulumuka chifukwa munthu mmodzi ankawadziwa.

Chachiwiri, musawayese mayeso. Funso lakuti "Agogo, mwandizindikira? Ndine yani?" limawachititsa manyazi. Dzitchuleni nokha: "Ndine uje, mwana wa uje, ndabwera kudzakuonani."

Chachitatu, musakangane nao pa za nthawi. Akati akupita ku shifiti, afunseni za shifitiyo. Akati akudikira mayi ao amene adamwalira kalekale, musawauze za malirowo kachiwiri ngati uthenga watsopano. Nenani kuti, "Tandiuzani za mayi anu, ankaphika chiyani?" Kawirikawiri mtima ukakhazikika, jekete amavula okha.

Chachinayi, gwiritsani ntchito zimene zilipo: chitenje chakale, khasu, lichero, buku la nyimbo, nyimbo za Daniel Kachamba kapena Allan Namoko ngati ndizo ankavina. Nyimbo zimakhalitsa m'mutu ngakhale mawu ena atatha. Apatseni nyemba asankhe, chimanga atonole. Manja amakumbukira zimene pakamwa paiwala.

Chachisanu, yambani lero, makolo akadali bwino. Aliyense pano ali ndi foni yojambula. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi jambulani njira ya ku chitsime, msika, sukulu ya pulayimale, nyumba yakale isadagwe. Lembani maina kuseri kwa zithunzi. Afunseni nyimbo zimene amakonda ndi zinthu zimene safuna kuzikumbukira. Magalasi adzatsika mtengo monga adachitira mafoni, koma tsiku limene adzafike m'manja mwanu adzakhala opanda ntchito ngati mulibe choikamo. Ndipo ngati alipo pakati pathu amene ali ndi kamera yoona mbali zonse ija, asachoke lero asadajambule holo ino, belu lija ndi njira ya ku hositelo. Malinga ndi zimene ndafotokoza, enafe tikadzakalamba tidzadzuka usiku nkumafuna yunifolomu kuti tachedwa ku pulepu. Ndikufuna kuti mwana amene adzandisamalire adzadziwe kuti pulepu nchiyani, ndipo adzandifunse kuti ndinkakhala pafupi ndi yani.

A Wapampando, akulu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mawuwa timawakonda pamene tikufuna malangizo ao. Tiwakumbukirenso pamene iwo sangathenso kutilangiza, pamene chatsala ndi nkhani imodzi yomwe ija imene atiuza kakhumi. Imvereninso kachikhumi ndi chimodzi, ndipo ulendo uno mufunsepo funso. Ine mwayi umenewo ndidautaya, ndipo kuya kwa mgodi wa bambo anga sindidzakudziwa. Ambiri a inu mwayiwo mukadali nawo.